Kumanga msasa kutchire m'dera la Kachindamoto

Kumanga msasa kutchire ndi kugona usiku umodzi kapena masiku owerengeka pa malo amene sanakonzedwe kuti azilandira alendo, pomwe palibe mpopi, chimbudzi, magetsi, mlonda kapena munthu wolandira ndalama. Wapaulendo amanyamula yekha hema, madzi ndi chakudya, ndipo pochoka amasiya malowo monga anawapezera. M'dera la Mfumu Yaikulu Kachindamoto, lomwe lili kuchigwa cha m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi m'boma la Dedza, anthu ogona motere ndi asodzi oyendayenda, alimi olonda mbewu, ophunzira ndi ofufuza, magulu a achinyamata, komanso alendo akunja oyenda pa njinga zakapalasa, pa njinga zamoto kapena pa galimoto.

Ku Malawi kulibe lamulo lopatsa munthu aliyense ufulu wogona pa malo a boma asanapemphe, monga zilili ku Norway kapena ku Scotland. Pafupifupi malo onse ooneka ngati tchire ali ndi owayang'anira: banja, mfumu, komiti ya m'mudzi kapena Dipatimenti ya Zankhalango. Choncho wofuna malo aulere m'derali amayamba ndi kudziwa woyenera kumupempha, kenako n'kusankha pokhoma hema.

Mawu ogwiritsidwa ntchito

Mawu akuti msasa amatanthauza pogona posakhalitsa pa ulendo, pa uzimba kapena pa ntchito yakutali ndi mudzi. Chisakasa ndi kanyumba kongoimika ndi mitengo, n'kufolera ndi udzu, bango kapena pepala la pulasitiki. Chilindo ndi kanyumba ka m'munda, kawirikawiri ka pansanja, komwe mlimi amalonderamo anyani, nguluwe, mbalame kapena akuba. Pogona pansalu pomwe alendo amanyamula amati hema kapena tenti. Mawu akuti kampu amamveka kwambiri ponena za apolisi, asilikali, misonkhano ya mipingo ndi malo osungirako anthu othawa madzi osefukira.

Malo ndi nyengo

Dera la Kachindamoto lili pansi pa mapiri otsetsereka ochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo limafika kunyanja. Limachita malire ndi boma la Salima kumpoto, ndi maboma a Ntcheu ndi Mangochi cha kumwera. Malo odziwika ndi Mtakataka, kumene kuli likulu la ufumuwu ndi sukulu yophunzitsa apolisi, Mua, kumene kuli mishoni ndi chipatala, ndi Golomoti, kumene kuli msika ndi malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 omwe anayamba kugwira ntchito mu 2022. Msewu wa M5 wochokera ku Salima kupita ku Balaka umadutsa pakati pa derali, moyandikana ndi njanji. Msewu wa M10 umapatuka m'dera lomweli kulowera ku Monkey Bay, pamene msewu wa Khwekhwerere umakwera mapiri kuchokera pa Golomoti kukakumana ndi M1 pa Masasa.

Nyanja ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pamene pali nyanja zamchere, pomwe tawuni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600. Kusiyana kumeneku ndi komwe kumachititsa kuti kuchigwa kuzitentha kwambiri ngakhale pamene kumtunda anthu avala majuzi. Mitsinje monga Livulezi, Namikokwe, Nadzipokwe ndi Nadzipulu imatsika m'mapiri mothamanga, n'kudzafatsa m'chigwa momwe imasiya mchenga ndi madambo. Kuchigwa kumamera milambe, nsangu, bwemba, masawu, migwalangwa ndi tsanya, pamene m'mapiri muli miombo, masuku ndi nsungwi.

Nyengo yabwino yogona panja ndi kuyambira May mpaka August. Mvula imakhala italeka, misewu yafumbi ikupitika, udzudzu wachepako, ndipo usiku kumazizira pang'ono. M'miyezi imeneyi mphepo ya mwera imawomba kuchokera kumwera chakum'mawa, imautsa mafunde ndipo imatha kuzula hema wokhomedwa pamchenga. Mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 35 masana, zitsime zina zimauma ndipo tchire limapsa. Dzinja, kuyambira December mpaka March kapena April, ndi nyengo yovuta kwambiri chifukwa cha matope, madzi osefukira ndi malungo.

Mbiri ya misasa m'derali

Kugona panjira ndi chinthu chakale m'chigwachi. Pafupi ndi Mtakataka pali Mankhamba, pomwe panali likulu la Kalonga wa ufumu wa Maravi. Katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapezapo mikanda yagalasi, zidutswa za mbale za ku China, zamkuwa ndi minyanga ya njovu, zomwe zikusonyeza kuti amalonda ankafika kuchokera kutali. Anthu otere ankayenda masiku ambiri wapansi, akugona m'misasa kapena m'midzi ya mafumu omwe awalandira. M'zaka za m'ma 1800 m'mphepete mwa nyanja munkadutsanso magulu a amalonda a minyanga ndi akapolo. Mu 1866 David Livingstone anazungulira kumwera kwa nyanja n'kukwera mapiri a Kirk Range pa ulendo wake womaliza.

Angoni a Kachindamoto ndi nthambi ya Angoni a Maseko. Anatsikira kuchigwa m'zaka za m'ma 1890 chifukwa cha nkhondo yolimbirana ufumu pakati pa Kachindamoto, mwana wa Chifisi, ndi Gomani, mwana wa Chikuse. Anapeza Achewa, ndipo kunyanja kunali Ayao, n'chifukwa chake lero miyambo ya mitundu itatuyi imapezeka moyandikana. Mu September 1902 ansembe a chipani cha White Fathers anafika ku Mua, ndipo anayamba ndi kukhala m'mahema asanamange nyumba zokhazikika.

M'nthawi ya atsamunda, mabwanamkubwa ndi amishoni ankayendera midzi pa maulendo a masabata angapo, amtengatenga atasenza mahema, mabedi ndi zophikira. Mfumu ya mudzi ndiyo inkasonyeza pomanga msasa, nthawi zambiri pansi pa mtengo waukulu wa pabwalo. Njanji itafika ku Salima mu 1935, ndipo misewu itayamba kukonzedwa, maulendo otere anachepa.

Eni dera sanaleke kugona kunja kwa mudzi ntchito ikafuna. Asodzi otsata usipa ndi utaka amamanga zisakasa pa madooko, pafupi ndi mathandala oyanikapo nsomba. Alimi a mpunga, kuphatikizapo a pa sikimu ya Bwanje Valley ya mahekitala 800 yomwe inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, amalonda minda yawo mbewu ikamacha. A madimba a m'mphepete mwa nyanja amasonkha moto usiku pothamangitsa mvuu.

Umwini wa malo ndi malamulo

Lamulo la malo la 1965 linkagawa malo m'magulu atatu: a boma, a eni ndi a mafumu. Malamulo atsopano a 2016, Land Act ndi Customary Land Act, anasiya magulu awiri, koma anakonzedwanso mu 2022. Pa malamulo a 2016, gulu loyamba linali malo a anthu onse, omwe ankaphatikiza malo a boma ndi malo a mafumu omwe sanagawidwe kwa munthu. Gulu lachiwiri linali malo a eni, omwe ankaphatikiza malo a lizi ndi minda ya makolo yolembetsedwa.

Malo a mafumu. Gawo lalikulu la chigwachi ndi lotere. Madambo, malo odyetsera ziweto ndi tchire losagawidwa amawerengedwa kuti ndi a anthu onse, koma onsewo ndi anthu a dera limenelo, ndipo mlendo amalowapo mwa chilolezo chawo. Lamulo la 2016 linakhazikitsa makomiti oona za malo pa gulupu aliyense. Wapampando ndi gulupuyo, ndipo mamembala ena 6 amasankhidwa ndi anthu, osachepera atatu mwa iwo amayi. Makomitiwa amaona za kugawa ndi kulembetsa malo. Pempho la kugona usiku umodzi limathera kwa nyakwawa kapena kwa mwini munda. Munda wogonera, ngakhale utamera thengo, umakhalabe wa banja lomwe linkaulima.

Nkhalango zotetezedwa. M'derali muli nkhalango za Mua-Livulezi ndi Mua-Tsanya, ndipo chakumpoto kuli ya Dedza-Salima. Zimayendetsedwa ndi lamulo la zankhalango la 1997, lomwe linakonzedwanso mu 2020 pokhwimitsa zilango, makamaka pa nkhani ya makala. Lamuloli limaletsa kudula mitengo, kulima, kudyetsa ziweto, kumanga kapena kukhala m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo, ndiponso kuyatsa moto mosaloledwa. Wofuna kugonamo amapempha ku ofesi ya zankhalango ya boma la Dedza kapena kwa mlangizi wa zankhalango wa m'deralo, ndipo angauzidwe kuti alipire kapena ayende ndi mlonda. Mua-Livulezi ndi imodzi mwa nkhalango zomwe boma linayamba kusamalira mogwirizana ndi midzi yozungulira, pa pulogalamu yothandizidwa ndi European Union. Chifukwa cha ichi makomiti a midzi nawonso ali ndi mawu pa zochitika m'zigawo zawo. M'nkhalango ya Dedza-Salima mumayenda njovu, ndipo bungwe la Wildlife Action Group limathandiza boma kulondera. Palinso nkhalango zing'onozing'ono za midzi, zomwe zili m'manja mwa mfumu ndi komiti yoona zachilengedwe.

Madooko. Lamulo la zausodzi la 1997 linatsegula njira yoti asodzi azitenga nawo mbali poyang'anira nyanja, ndipo pa madooko ambiri pali komiti ya pagombe yogwira ntchito pamodzi ndi mfumu. Msodzi wochokera kwina amayamba waonekera kwa komitiyi asanamange chisakasa, ndipo mlendo wa hema amachita chimodzimodzi.

Malo ena. Malo a mishoni, a sukulu, a sikimu, a apolisi, a kampani ya magetsi ndi a m'mbali mwa njanji ali ndi eni ake, ndipo kulowamo popanda chilolezo ndi mlandu. Malo osungirako zachilengedwe a Lake Malawi National Park, omwe ali kutsidya ku Nankumba, anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Kumeneko kulowa n'kolipira ndipo kugona kumaloledwa pa malo osankhidwa okha.

Kale munthu wopezeka panja usiku popanda chifukwa chomveka ankamangidwa pa mlandu wa vakabu. Mu January 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti ndime 184(1)(c) ya malamulo a milandu, yomwe apolisi ankagwiritsa ntchito pa milandu yotere, ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Chigamulochi sichinapatse munthu ufulu wogona pa malo a wina. Apolisi angathebe kufunsa mlendo chiphaso cha unzika kapena pasipoti.

Kapezedwe ka malo

Asananyamuke, apaulendo ambiri amaona mapu. Mapu a Dipatimenti ya Surveys a sikelo ya 1:50,000 amasonyeza mitsinje, mapiri ndi malire a nkhalango. Zithunzi za pa Google Maps zimathandiza kuona midzi, minda ndi tinjira, ndipo alendo akunja amagwiritsanso ntchito OpenStreetMap ndi iOverlander, momwe anzawo amalembamo malo omwe anagonapo. Mapuwa sasonyeza mwini malo, ndiponso malo omwe wina analandiridwa chaka chatha angakhale atalimidwa kapena atamizidwa ndi madzi.

Pofika m'deralo nthawi ndi yofunika. Dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko ndi theka m'miyezi yozizira ndi cha m'ma 6 koloko m'dzinja, ndipo mdima umagwa msanga. Odziwa kuyenda amayamba kufunsa malo cha m'ma 3 kapena 4 koloko masana, kuti anthu awaone nkhope kukuwala ndiponso kuti akakanizidwa apeze nthawi yopita mudzi wina.

Mwambo wake ndi wofanana ndi wa mlendo aliyense. Wapaulendo amafunsa munthu wamkulu amene wakumana naye kuti amuperekeze kwa mfumu, ndipo kawirikawiri amayamba waonana ndi nduna. Akafika amaodira, amakhala pansi pomwe amusonyeza, amavula chipewa, n'kudikira malonje. Kenako amanena dzina lake, kumene wachokera, kumene akupita, anthu amene ali nawo ndi masiku amene akufuna kukhala. Ophunzira ndi ofufuza amasonyeza kalata ya kusukulu kwawo kapena ya ku ofesi ya bwanamkubwa. Mfumu ikavomera imatuma munthu kukamusonyeza malo ndi kudziwitsa achitetezo cha m'mudzi. Mwambi wakuti safunsa anadya phula umakamba za munthu wodumpha mwambo wotere.

Malo omwe mlendo amapatsidwa kawirikawiri ndi awa:

Pabwalo la mfumu kapena kuseri kwa nyumba ya banja lina. Apa ndi potetezeka kwambiri, koma mlendo amayembekezere ana ndi akulu obwera kudzaona.

Pabwalo la sukulu ya pulayimale, mwa chilolezo cha mphunzitsi wamkulu. Pamakhala zimbudzi ndipo nthawi zambiri mjigo uli pafupi. Hema amachotsedwa m'mamawa ana asanafike.

Pa tchalitchi kapena pafupi ndi mzikiti, mwa chilolezo cha akuluampingo kapena shehe.

M'munda wokololedwa kapena pansi pa mtengo kunja kwa mudzi, kwa wofuna bata, mwini munda akadziwa.

Pagombe, chapatali pang'ono ndi pokocheza mabwato, komiti ya padooko ikavomera.

Malo otere salipiritsa, koma mwambo umafuna kuthokoza. Alendo amasiya shuga, mchere, sopo kapena kangachepe ka ndalama, ndipo amagula nkhuni, nsomba, tomato kapena mpunga kwa eni mudzi. Mijigo yambiri ili ndi komiti yomwe imasonkhetsa ndalama zokonzera ikawonongeka, choncho wotungapo madzi ambiri amaponyapo yake. M'mawa mlendo amakatsanzika kwa amene anamulandira. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Malo oletsedwa mwa mwambo

Cholakwa chofala kwa osadziwa derali ndi kukopeka ndi kankhalango kowirira kooneka pakati pa minda. M'midzi ya Achewa malo otere nthawi zambiri ndi manda, ndipo mitengo yake inatsala chifukwa palibe amene amaloledwa kuidula. Kumanda kapena pafupi pake ndi kumene kumakhala dambwe, komwe amuna olowa Gule Wamkulu amakonzera zilombo. Munthu wosameta saloledwa kufikako. Wopezeka kumeneko amatengeredwa kwa mfumu kukalipa chindapusa, ndipo kale ena ankalowetsedwa gule mokakamizidwa. Kupezeka kumanda usiku kumachititsanso kuti munthu aganiziridwe za ufiti kapena zofukula mitembo. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo wofuna kumvetsa za mwambowu angaone zigoba zambirimbiri m'nyumba yosungira zachikhalidwe ya Chamare, pa Kungoni Centre ku Mua, malo omwe anayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976.

Malo ena osayenera kuyandikira ndi tsimba la chinamwali, ndagala ya jando m'midzi ya Ayao, makamaka pa tchuthi chachikulu cha sukulu, ndi mitengo kapena maiwe othirirapo nsembe. Pamtsinje ndi panyanja pamakhala madooko osiyana osambirapo amayi ndi abambo, ndipo mwamuna woyandikira dooko la amayi amayamba wafuula kupempha njira. Pa malo a mbiri yakale monga Mankhamba, lamulo loteteza zinthu zakale limaletsa kukumba kapena kutola mapale ndi mikanda.

Kusankha pokhoma hema

Malo abwino ndi okwera pang'ono, osalala, ouma ndi opanda udzu wautali. Mchenga wa mumtsinje wouma umaoneka wofewa ndi woyera, koma ndi woopsa: mvula ikagwa kumapiri a Dedza madzi amatha kufika kuchigwa usiku ngakhale kumeneko kusanagwe dontho. Dothi lakuda la m'dambo limasanduka matope oterera mvula ikangogwa, ndipo galimoto imatitimira.

Mitengo imapereka mthunzi koma si yonse yoyenera kugona pansi pake. Zipatso za mvunguti n'zolemera makilogalamu angapo ndipo zimagwa mosayembekezereka. M'mphako za milambe mumakhala njuchi, mileme ndi njoka. Pansi pa mitengo yaminga hema ndi matayala a njinga zimabooka. Mtengo wautali woima wokha umakoka mphezi m'dzinja. Wapaulendo amayang'ananso ngati pali mzere wa linthumbu, chulu chokhala ndi mauna, kapena chitedze, chomwe ubweya wake umayabwa koopsa ukauma.

Kunyanja, hema amakhomedwa kutali ndi bango ndi pamathiriro a mitsinje, pomwe pamakonda ng'ona. Mvuu zimatuluka usiku kukadya msipu ndipo zimatsata njira zomwezomwezo, zooneka ndi mapazi ndi ndowe. Kugona pakati pa njira yotere ndi madzi n'kuika moyo pachiswe. Madzi a nyanja amasinthanso malire ake: mu 2024 anakwera kwambiri mpaka kumiza nyumba, minda ndi malo ogona alendo m'maboma a Mangochi, Salima ndi Nkhotakota.

Zaumoyo ndi chitetezo

Malungo ndiwo matenda oyamba kuwaganizira, chifukwa kuchigwa udzudzu umapezeka chaka chonse. Hema wotsekeka bwino kapena neti yonyikidwa m'mankhwala, zovala zofika m'mikono ndi m'miyendo madzulo, ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu zimachepetsa ngozi. Zizindikiro zimayamba pakapita sabata kapena kuposerapo, choncho wotentha thupi atabwerako kuulendo amayenera kukayezetsa msanga.

Likodzo limafala kudzera mu nkhono za m'madzi osaya, odekha ndi a zomera, monga m'ngalande za mpunga ndi m'magombe a pafupi ndi midzi. Tizilombo take timalowa pakhungu munthu akamasamba kapena kuchapa. Mankhwala ake ndi praziquantel. Madzi akumwa abwino ndi a pamjigo. A mumtsinje kapena a m'nyanja amayenera kuwiritsidwa mpaka kubwata kapena kuthiridwa klorini. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unavuta kwambiri m'madera a m'mphepete mwa nyanja, kumene madooko ambiri alibe zimbudzi zokwanira.

Njoka monga mphiri, mamba ndi nsato zimapezeka m'derali, pamodzi ndi zinkhanira. Kuyenda ndi tochi usiku, kukutumula nsapato m'mawa ndi kutseka hema nthawi zonse kumathandiza. Wolumidwa ndi njoka satemedwa mphini kapena kumangidwa chingwe cholimba. Amamugoneka, osagwedeza chiwalo cholumidwacho, n'kuthamangira naye kuchipatala. Wolumidwa ndi galu amatsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kukalandira katemera wa chiwewe. Chipatala chachikulu m'derali ndi cha mishoni ya Mua, ndipo zipatala za boma zazikulu zapafupi zili ku Salima ndi ku Dedza.

Ngozi ina imachokera pa kukayikirana. Mlendo wobisala kutchire angaganiziridwe kuti ndi wakuba ng'ombe, wootcha makala kapena wopha nyama mozemba. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafala m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndipo anthu angapo anaphedwa ndi magulu olusa pongowaganizira. Mphekesera zotere zinabukanso mu 2020 m'maboma ena a kumpoto ndi pakati. Pa nthawi ngati zimenezi munthu wachilendo wonyamula zikwama ndi zipangizo zosadziwika amakhala pangozi yaikulu. Ichi ndi chifukwa chachikulu chimene kudziwika kwa mfumu kumatetezera kuposa kubisala. Mafoni a TNM ndi Airtel amagwira m'mbali mwa M5, koma m'zigwa za m'mapiri netiweki imasowa, choncho ndi bwino kuuziratu wina kumene munthu akagone.

Kusamala chilengedwe

Mitengo ya m'mapiri a derali yachepa chifukwa cha makala, nkhuni ndi kutsegula minda, ndipo zotsatira zake zimaoneka kuchigwa: mitsinje imadzaza mchenga, imasefukira msanga ndi kuwononga milatho ndi ngalande za mthirira. Womanga msasa amapewa kuwonjezera vutoli pophikira pa kambaula ka gasi kapena kugula nkhuni zouma m'mudzi. Kugula makala opanda chilolezo kumalimbikitsa kudula mitengo, ndipo lamulo limaletsa kupezeka nawo.

Kuyambira August mpaka mvula yoyamba udzu umakhala wouma, ndipo moto wolusa, womwe nthawi zambiri umayatsidwa ndi osaka mbewa, umathamanga ndi mphepo. Moto wa pamsasa umasonkhedwa pa dothi lopalidwa bwino, umakhala waung'ono, ndipo umazimitsidwa ndi madzi kapena dothi mpaka phulusa litazizira. Pomwe palibe chimbudzi, munthu amakumba dzenje lakuya masentimita 15 mpaka 20, pa mtunda wa mamita osachepera 60 kuchokera ku madzi, n'kukwirira. Mapulasitiki, zitini ndi mabatire amanyamulidwa pochoka, popeza m'midzi mulibe otola zinyalala ndipo mbuzi ndi ng'ombe zimafa zikadya majumbo.

Kuyerekeza ndi mayiko ena

Ku United States, bungwe la boma la Bureau of Land Management limayang'anira maekala pafupifupi 245 miliyoni, ambiri kumadzulo kwa dzikolo, ndipo pa malo ambiri limalola kugona mwaulere kwa masiku 14 pa masiku 28 aliwonse. Ku Norway, lamulo la 1957 limalola kukhoma hema pa malo osalimidwa kwa masiku awiri popanda kupempha, bola pakhale mamita 150 kuchokera pa nyumba yokhalamo anthu. Ku Scotland ufulu wofanana nawo unalembedwa m'lamulo la 2003.

Malamulo amenewa amatheka kumene kuli malo aakulu opanda anthu. Malawi ndi dziko lothithikana: kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, pafupifupi 186 pa sikweya kilomita iliyonse, ndipo boma la Dedza lokha linali ndi anthu oposa 830,000. M'chigwa cha Kachindamoto n'kovuta kuyenda mtunda wautali osakumana ndi munda, ziweto kapena munthu wotola nkhuni. Chomwe chimagwira ntchito ya lamulo lolembedwa ndi mwambo wolandira alendo, womwe umanenedwa m'mwambi wakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Mwambowu uli ndi mtolo wake. Mfumu yolandira mlendo ndiyo imayankha ngati iye wabedwa, wadwala kapena walakwira wina, ndipo banja lomupatsa malo nthawi zambiri limamupatsanso madzi osamba ndi nsima, ngakhale m'miyezi ya njala ya January ndi February. Mlendo wogona mwaulere osagula kanthu amasiya phindu lochepa m'dera lomwe anthu ena amadalira kugulitsa ziboliboli, madengu ndi mipando ya nsungwi kwa odutsa. Ofuna madzi, chimbudzi ndi mlonda angapite ku malo olipira, monga nyumba za alendo za Namalikhate ku Mua, kapena malo okhomapo mahema a ku Senga Bay, Monkey Bay ndi Cape Maclear.

Onaninso

Boma la Dedza
Mishoni ya Mua
Gule Wamkulu
Ufumu wa Maravi
Nyanja ya Malawi